Kope la Ankhoswe

Anabwera ndi kope la mwana wa sitandade folo,
a Fulanzi ankhoswe, bolopeni ili kukhutu,
nalemba mzere pakati pa tsamba:
uku Zuze, uku ine.
Dzuwa la Okutobala linali litaphika kale Bangula,
nkhuku zili kukamwa yasa pansi pa nimu.

Katundu tinamutulutsa pabwalo ngati tikusesa maliro.
Malata khumi ndi asanu ndi awiri:
asanu ndi atatu uku, asanu ndi atatu uko,
lotsalalo ankhoswe analiyang'ana nthawi yaitali
ngati litchula lokha mwini wake.

Njinga, yake. Sindinatsutse,
ngakhale matayala onse awiri ndinagula ndine
ndi ndalama za milamba yowamba
imene ndinanunkha nayo chaka chathunthu pamsika wa Ngabu.
Mtondo, wanga. Wailesi yosalankhula, yake.
Neti yobooka anati tisankhe tokha.

Mbuzi zitatu, ina ya bere.
Apa mpomwe amuna anatuluka thukuta,
kugawana kamwana kosabadwa,
wina akuti nanga akakhala mapasa,
mwini bere ali phee, kubzikula masawu.

Ndowa ziwiri zobiriwira ndi bulangeti la kukampu,
tinazilandira pamzere chaka chomwe madzi anatilanda Makhanga,
mayina athu ali pakhadi limodzi,
banja la anthu asanu.
Ndowa tinagawana.
Khadilo palibe analitola.

A Fulanzi anafunsa za dimba.
Tinaseka tonse awiri, koyamba chichokere Isitala.
Dimbalo Ruo anagawa kale popanda kope:
theka anapita nalo,
theka analikwirira ndi mchenga wofika m'chiuno.

Ndiye kunatsala chitseko.

Chitseko cha mbawa, cholemera ngati mlandu.
Usiku wa madzi uja Zuze anachizula ndi nkhwangwa,
tinagonekapo ana atatu,
iye kutsogolo, ine kumbuyo, madzi m'khosi,
ng'ombe za eni zikutidutsa chagada,
mpaka mapazi athu anagunda njanji.
Kunja kukucha ndinapeza ndikumutchula dzina
lomwe ndinkamuitana tili pachibwenzi.
Mzere wa matope sunachokebe pathabwa lachitatu,
ndakwecha ndi mchenga, ndi phulusa, wakana.

Anati, ndinagula ndine kwa kalipentala wa ku Fatima.
Ndinati, ndinakankha ndine.
Anati, ndinakoka ndine.
Zonse zinali zoona, nchifukwa chake tinakweza mawu.
Mkazi wa mawa anali chapatali, kuseri kwa khola,
akuyeza ndi maso kutalika kwa malata.

Ana sanalembedwe m'kopemo.
Mlandu wawo ng'ombe zinayi zinauyankha kale
ndisanabereke nkomwe,
tsiku lomwe zinalowa m'khola la bambo anga.
Esinta, chitsiriza wanga, anakhala pachitsekopo
akusenda bwemba ndi mano akutsogolo omwe alibe,
nandifunsa ngati ndibwerako kusanade.

Pamenepo ndinati, lembani uko.
Chibwezereni pamphuthu lero lomwe,
mahinjesi muthire mafuta, chimalira usiku.
Ana anga asagone kuseri kwa chiguduli.
Chinawanyamulapo kamodzi, chikuwadziwa kulemera.

A Fulanzi analemba, nang'amba tsamba potsata mzere,
koma pepala silimvera bolopeni:
mbali yanga inabwera ndi theka la dzina lake.

Ngolo ya mlongo wanga inanyamula malata asanu ndi atatu,
mtondo, ndowa, mbuzi yopanda bere ndi ine.
Lata lotsala lija tinalisiya litatsamira nimu,
likung'anima, losagwirika ndi kutentha.

Tikuyandikira Sorijini ndinamva kanthu kakundilasa m'chiuno.
Pamfundo ya chitenje, pomwe ndimamanga ya mchere,
panali kiyi.
Mlongo wanga anati, tibwerere?
Ndinati, ayi, menya ng'ombe.
Loko wake anadya dzimbiri chaka cha madzi chomwecho.
Zaka zonsezi timangotsekera ndi mwala.